Nyimbo ya Alamu Anga

Alamu anga anali ometa anthu tsitsi. Kachipinda kawo kanali ndi mpando umodzi wa chikopa chong'ambika, galasi lamng'alu, mtanda pamwamba pa chitseko, ndi gitala yofiira pakhoma. Kale ankaimba m'bandi ya roko, tsitsi lili m'mapewa. Mng'ono wanga anawapeza m'holo yovinira akuliza nyimbo ina yotchuka ya kutsidya kwa nyanja, imene mpaka lero siichoka pa wailesi. Iye ndiye anawakokera ku tchalitchi, nawaphunzitsa kugwira kolona.

Atabatizidwa sanataye nyimboyo. Anachotsa mawu ake, naikamo otamanda Amayi Maria, naifewetsa kuti nkhalamba zisamathe mpweya. Tinaiimba zaka makumi anayi: pa maukwati, pa ubatizo, polandira Ukaristiya. Tonse akale tinkadziwa kumene inachokera. Ndani anadwala nayo?

Ndiye kunabwera mphunzitsi wa kwaya watsopano, wa taye ndi kandodo kolozera. Tsiku lina anaimva m'basi, ng'oma ndi magitala zikulira, nathamangira kwa Bambo Mfumu ngati waona njoka m'sakristiya. Nyimbo inaletsedwa. Patatha miyezi iwiri mng'ono wanga anamwalira, atapempha chinthu chimodzi chokha: kuti bokosi lake lidzatuluke m'tchalitchi ndi nyimbo ya mwamuna wake.

Tinapita kwa mphunzitsiyo, ine ndi alamu.

"Agogo, nyimbo ya m'mabala siingafike pa guwa," anatero, maso ali pa foni.

"Mwanawe," anayankha alamu, "amayi ako anakwatiwa ndi nyimbo imeneyi. Ndinaliza ndine. Kapena nawenso ndiwe wa m'bala?"

"Musandinyoze. Malamulo ndi malamulo."

"Tsitsi lako loyamba ndinameta ndine, ukulira mamina ali mbwee. Lero ukundiphunzitsa kupemphera?"

Titakadandaula kwa Bambo Mfumu, anangotambasula manja, nati za kwaya n'za a kwaya.

Misa ya maliro itatha, onyamula bokosi anayandikira. Alamu anadzuka, nasanjika dzanja pa bokosi, nayamba kuimba okha. Mawu awo anali atatha kale, osasa ngati chitseko cha dzimbiri. Mphunzitsi anakweza kandodo, kwaya inayambitsa nyimbo ina mokuwa kuti iwakwirire.

Tchalitchi chinali chodzaza ndi anthu amene anakula ndi nyimboyo. Amayi a m'bungwe, amene ankaiimba misozi ili chuchuchu, anaweramitsa mitu kuyang'ana nsapato zawo. Palibe anatsegula pakamwa. Ngakhale ine, mkulu wake wa malemu. Ndinaopa maso a anthu, ine nkhalamba yopanda mano! Ndikakumbukira, mtima umandiwira, ndipo sindidziwa amene ndimukwiyire kwambiri, mwana wa taye uja kapena ine ndemwe.

Nyimbo ya kwaya inali ndi ndime zitatu. Ya alamu inali ndi zisanu. Kwaya itatha, m'tchalitchi munangotsala mawu osasa aja, osalumpha ndime ngakhale imodzi. Onyamula anaima manja ali lende, pakuti ndani akanachotsa dzanja la wamasiye pa bokosi la mkazi wake? Bambo Mfumu anadikira, madzi odalitsa ali m'manja.

Pa ndime yomaliza alamu anachotsa dzanja, nagwedezera mutu onyamulawo.

"Nyamulani tsopano," anatero, napitiriza kuimba akutsatira pambuyo mpaka pakhomo.