Kukasankha Mfuti ku Nairobi ndi Malume

Tinanyamuka pa Kasungu Lolemba m'mawa, ine ndi malume anga a Kamtedza, pa basi ya ekisipulesi yopita ku Blantyre. Munali mu Ogasiti, zaka zija dziko la Kenya lisanaletse ulenje. Ine ndinkagwira ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la mayiko ku Nairobi, ndipo tchuthi changa chinali chitatha. Malumewo anali mlenje wa esiteti ina ya fodya ndi chimanga kufupi ndi nkhalango. Ntchito yawo inali kupirikitsa njovu ndi njati m'minda, zikachita makani n'kuziwombera.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitawavuta. Anaphonya kawiri. Kachiwiriko njovu anangoivulaza, ndipo pothawa inakagumula chisakasa cha alonda, mlonda wina n'kuthyoka mwendo. Atawaitana ku ofesi, malume anati vuto ndi mfuti, yakalamba, mpope wake wadyeka. Manejala, Mzungu wa mtima wapachala koma wowakonda, anati chabwino, pitani ndi muphwa wanuyo ku Nairobi kumene kuli masitolo a mfuti, mukasankhe nokha, esiteti ilipira. Koma mukadzaphonyanso ndi mfuti yosankha nokha, ntchito yatha ndipo nyumba mutuluke. M'nyumba imeneyo munali akazi awo ndi adzukulu amasiye omwe ankawalera.

Basi tinalipira makwacha anayi aliyense. Malume anakhala pawindo, chipewa pabondo, ndipo kuyambira pa Mponela mpaka pa Ntcheu anandiphunzitsa za mfuti ngakhale sindinawafunse.

"Iwe Filipo, anthu amapusa," iwo anatero. "Amafuna mfuti yolira kwambiri. Kulira si kupha ayi. Mfuti yabwino ukaikweza imafika yokha paphewa, osachita kuifunira malo. Isalemere moti dzuwa likafika paliwombo uyambe kuitukwana. Isakumenyenso moti uziiopa, chifukwa mfuti yoiopa umatsinzina usanakhethemule."

Mayi wina wa dengu la mbatata ya kachewere yemwe anakwera pa Dedza anamvetsera mpaka anafunsa, "Kodi bambo, kumene mukupitako kuli nkhondo?"

"Nkhondo ya njovu, mayi," malume anayankha, ndipo mayiyo anasendeza dengu lake kutali nawo.

Tinagona ku Blantyre kwa mnzanga wa kusukulu, m'mawa mwake ulendo wa ku Chileka. Malume anali asanakwerepo ndege. Munthu woti amaima maso ndi maso ndi njati anagwira mkono wanga ndegeyo ikuthamanga, ndipo zikhadabo zawo ndinazimva mpaka mkati mwa jekete. Titakhazikika m'mwamba anandisiya, n'kukonza kolala ngati palibe chachitika. Atabweretsa chakudya m'timbale tating'ono, malume anayang'anitsitsa timbaleto, kenaka anandinong'oneza, "Ndiwo zafika. Chakudya chenicheni chibwera nthawi yanji?"

Tinatera pa Embakasi, bwalo la ndege la ku Nairobi, chakumasana. Kunja kunali mitambo ndi kamphepo kozizira kolowa m'mafupa. Woyendetsa takisi anayamba ndi "shilingi hamsini," kutanthauza mashilingi makumi asanu, ine ndinaseka n'kuyamba kuchoka, tinakagwirizana pa makumi atatu. Titangotuluka pabwalo la ndege, kuseri kwa mpanda wa waya kunali akadyamsonga ndi mbidzi zikudya m'dambo ngati ng'ombe za munthu.

"Twiga, mzee, twiga!" anatero dalaivala, akuloza.

"Akuti chiyani?"

"Akuti taonani akadyamsonga, malume."

"Ali kuti?"

Anali mbali yawo yakumanja, pafupi ndithu. Anachita kutembenuza mutu wonse kuti awaone. Ine ndinangoti ndi kutopa kwa ulendo.

Kwathu ku Upper Hill, m'kanyumba ka m'mwamba komwe bungwe linatipatsa, mkazi wanga Nachisale anawagwadira pakhomo, ndipo kamwana kathu Tiyanjane kanabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake. Madzulo tinadya ugali, nsima ya kumeneko, ndi masamba omwe amawatcha sukuma wiki, ndi nyama ya mbuzi. Malume anatafuna mwaulemu, koma Nachisale atapita kukhitchini anati, "Nyumba zazitali zonsezi, magalimoto onsewa, anthu ake n'kumadya mgaiwa?"

Lachitatu tinakwera basi ya m'tauni kupita ku sitolo ya mfuti. Mwini wake anali Mmwenye wachikulire wa nduwira ndi ndevu zoyera, amene aliyense ankangomutcha Kalasinga. M'sitolomo munkanunkha mafuta ndi zikopa, ndipo mfuti zinali ndandanda kukhoma kuseri kwa unyolo. Munalinso Azungu awiri ovala makabudula a khaki, miyendo yofiira, akusankha zipewa. Malume sanawayang'ane n'komwe. Anavula chipewa chawo ngati alowa m'tchalitchi.

Iwo Chingerezi sankachidziwa, Kalasinga Chichewa ayi, ndiye womasulira ndinali ine. Kalasinga anafunsa mafunso ochepa: nyama yanji, tchire lotani, mumawombera muli patali bwanji. Malume anati njovu ndi njati, m'chimanga chotalika kuposa munthu, ndipo nthawi zambiri nyamayo umaiona itafika kale poti mwana akhoza kuigenda. Kalasinga anagwedeza mutu, n'kuika mfuti zitatu patebulo. Yoyamba inali .375, yopepuka bwino, yomwe anati imagwira ntchito pa nyama iliyonse ndipo zipolopolo zake zimapezeka paliponse. Yachiwiri inali .458, yomwe anati imagwetsa njovu koma imabwezera mwini wake paphewa. Yachitatu inali yakale ya mipope iwiri, yogulidwa kwa mlenje wina wopuma ntchito, yopanda chokokera kumbali. Umangoithyola pakati n'kuikamo zipolopolo ziwiri.

Malume ananyamula iliyonse, kuikweza, kuitsitsa, kuisisita, kusuzumira mumpope. Maso awo anali pa .375 ija.

"Muuze kuti iyi yandikonda," anatero.

Kalasinga anaseka, nati mfuti saisankhira m'sitolo, mawa tikaiyese kutchire.

Lachinayi m'mawa tinakwera Landirova yake. Tinadutsa Embakasi kulowera msewu wa ku Mombasa, kenaka tinakhotera m'kanjira kafumbi cha ku Syokimau. Masiku amenewo kunalibe nyumba, udzu wokhawokha ndi mitengo yaminga, ndi Amasai apo ndi apo ndi ng'ombe zawo. Panali chulu chachikulu pamene ankayeserapo mfuti. Kalasinga anakhomapo chandamale, pepala loyera la bwalo lakuda pakati, lalikulu ngati mbale.

Malume anayamba ndi .375 yawo yokondedwa ija. Anaima bwino, mapazi motalikirana, mpweya n'kuugwira. Phuu! Fumbi linabuka pambali pa pepala. Anawomberanso, chimodzimodzi. Anati iyi yanama, bweretsani inayo. Ya .458 inawagwedeza thupi lonse, koma pepala linakhalabe loyera. Ya mipope iwiri inangodula kangodya ka pepalalo. Kalasinga anatenga .375 ija, anawombera kamodzi, ndipo chibowo chinaoneka pakati pa bwalo lakuda.

Ndinamva manyazi ngati ndaphonya ndine.

Kalasinga anayandikira malume, nawapempha ndi manja kuti ayang'ane kumene kunali kuwala. Anawasuzumira m'maso kwa kanthawi. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kulankhula motsitsa mawu, mwa Chingerezi. Anati mfuti zonse zitatu zilibe mlandu, ndipo mwina ngakhale yakale yomwe anaisiya kumudzi ilibe mlandu. Anati diso lakumanja la mzee, kunena malumewo, lachita ng'ala, ndipo ndi diso limenelo lomwe munthu amaloza nalo mfuti ikakhala paphewa lamanja. Anati lakumanzere lili bwinobwino.

Apa ndiye panandithina. Kwathu malume ndiwo eni mbumba. Ndiwo anandilipirira sukulu, ndiwo anakandiimira pa ukwati. Muphwa sauza malume ake pamaso pa mlendo kuti thupi lawo latha.

"Akuti chiyani?" anafunsa.

"Akuti lero mphepo yachuluka, malume."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana udzu, womwe unali chiimire osagwedezeka.

"Filipo, Mmwenyeyu walankhula mawu odzaza dengu. Iwe wandipatsa a m'chikho. Enawo wasungira yani?"

Ndinawatengera pambali, kuseri kwa galimoto, ndipo ndinagwada pa bondo limodzi monga ndinkachitira ndili mwana. Ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anakhala pa bampala, chipewa n'kuchiika pabondo, n'kuyang'ana ng'ombe za Amasai zija.

"Ndinkaona ngati utsi," anatero. "Ndinkati ndi utsi wa m'zigafa za fodya, utha. Ndiye kuti mwendo wa mlonda uja ndinathyola ndine, si mfuti." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Nanga ana aja ndikawaika kuti?"

Ine ndinakhalabe chigwadire pamaso pawo.

Kalasinga anabwera ndi fulasiki ya tiyi wamkaka wonunkhira tsabola wa kwawo, natithirira m'makapu a chitsulo. Anati, "Pole, mzee," kuwapepesa. Kenaka anandiuza kuti ndiwafunse ngati angayese kuika mfuti paphewa lamanzere, kuti diso labwinolo ligwire ntchito. Anachenjeza kuti kwa munthu wamkulu n'kovuta, ambiri zimawatengera miyezi, ena amalephereratu.

Nditamasulira, nkhope ya malume inasintha.

"Manzere? Ine? Dzanja lopanda ulemu limenelo? Anthu a pa esiteti andione ndikugwira mfuti ngati chitsiru?"

"Malume, kuno kulibe wa pa esiteti. Kuli ine ndi ng'ombe."

Anamwa tiyi uja mpaka kutha. Kenaka anadzuka, natenga ya mipope iwiri ija, poti inalibe chokokera cha kumanja chowasokoneza. Anaikweza kumanzere. Ndinkayembekeza kuti achita chibwibwi nayo, koma mfuti inakwera mosalala n'kukhazikika, tsaya n'kugona pamtengo wake. Phuu! Chibowo m'mphepete mwa bwalo lakuda. Phuu! China pafupi nacho, mkati.

Kalasinga anakuwa mawu a kwawo omwe sindinawamve, nafunsa ngati mzee anawomberapo chonchi kale. Malume anatsitsa mfuti.

"Muuze kuti ayi. Koma muuzenso kuti ine ndinabadwa wamanzere." Anandiyang'ana. "Iwe sukudziwa, ngakhale mayi ako anali asanabadwe. Agogo ako ankandimanga dzanjali kumbuyo ndi luzi nthawi ya chakudya. Ku sukulu ya mishoni aphunzitsi ankalimenya ndi rula likangogwira choko. Legeni ndinkaponyera kuseri kwa nkhokwe kuti asandione. Mpaka ndinaliiwala." Anatambasula zala zake n'kuziyang'ana ngati za munthu wina. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuwombera ndi dzanja lobwereka."

Anawomberanso kangapo. Sizonse zinalowa pakati, koma palibe chinaphonya pepala. Pobwerera tinaima pa kanyumba kena ka malata m'mbali mwa msewu, Kalasinga natigulira nyama choma, nyama ya mbuzi yootcha yomwe amakudulira pathabwa ndi mulu wa mchere pambali. Malume ndi Kalasinga anadya moyang'anizana, akukambirana za njati ndi manja okhaokha, ine womasulira ntchito itandithera.

Mfuti ya mipope iwiri ija inatsala ku sitolo sabata yathunthu. Mtengo wake wotsamira paphewa unali wopindikira munthu wamanja, ndiye Kalasinga ankauthira mafuta otentha n'kumaupinda pang'onopang'ono kuti ugone bwino pa tsaya lamanzere. Anapezanso mabokosi a zipolopolo zake oti akwane zaka zingapo. Ine ndinathamanga ndi za chilolezo, ndipo tsiku lina ndinapita nawo malume kwa dokotala wa maso, yemwe anati ng'alayo adzaichotsa ikakhwima. Masiku otsalawo malume ankakhalira kukweza ndi kutsitsa ambulera yanga pabalaza, kuloza nayo babu, kuloza wailesi, mpaka Nachisale anayamba kugogoda asanalowe pabalaza pake pomwe.

Tsiku lobwerera ndinawaperekeza ku Embakasi. Mfuti inapita kwa akatundu m'bokosi lake lokhoma. Tikudikira kuti aitane okwera, ndinawafunsa chomwe akamuuze manejala.

"Zoona. Kuti diso lafa limodzi, latsala limodzi, aone yekha pa chandamale. Ndikapitanso kwa mlonda uja ndi nkhuku."

"Nanga anthu akakusekani?"

"Aseke. Njovu ikadzafunsa kuti ndaiwombera ndi dzanja liti, ndidzaiyankha."

Ndinaseka, koma mumtima ndinkaganiza za ulendo wonsewu. Tinawoloka mayiko kukafuna mfuti yomuyenera munthu, ndipo ine ndinkayesa kuti nkhani yagona pa manambala ndi kukula kwa chipolopolo. Sindinkadziwa kuti kusankha mfuti kumayamba ndi kumuyang'ana munthuyo bwinobwino, zomwe ife abale ake, ndi ulemu wathu wonse, tinali tisanachitepo.

Anaitana okwera. Malume anavala chipewa, nayenda pang'ono, kenaka anabwerera n'kundigwira pamkono.

"Filipo, kamwana kako kaja, Tiyanjane. Ndakaona kakutola supuni ndi manzere, inu n'kumakalanda kuika kumanja."

"Ee, malume. Timati kazolowere."

"Musakamange dzanja limenelo," anatero. "Ndanena ndine mwini mbumba."