Mainchesi atatu pa diresi la mng'ono wanga

Mpaka kufika Fomu 2, sindinkadziwa kuti ine ndi mng'ono wanga ndife osiyana. Kunyumba kwathu ku Bangwe amayi ankangoti, "Ana anga awiriwa ndi okongola," basi. Mawu amodzi ankatikwanira tonse ngati bulangete limodzi, ndipo palibe ankadandaula.

Amene anasokoneza zinthu ndi aphunzitsi athu a Chingerezi. Tsiku lina analemba mawu anayi pa bolodi n'kuyamba kuwasiyanitsa. "Naisi ndi munthu wosavuta kukhala naye," anatero. "Simati ndi wochapa ndi kusita, aliyense amene ali ndi simbi ya makala angathe. Kyuti ndi za makanda ndi tiana ta mphaka. Koma byutifulu," apa anaika choko pansi, "ameneyo ndi uja amati akalowa m'nyumba, anthu amaiwala zimene amakamba."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kutchera khutu. Koma abale, ndikanadziwa! Tikatuluka mu Misa, azimayi anzawo a amayi ankandigwira phewa n'kumati, "Mtsikana uyu ndi simati, taonani kolala yake." Akatembenukira kwa mng'ono wanga, mawu ankakwera: "Eee, koma uyu ndiye byutifulu!" Ine ndinkadzuka mamawa kukoleza makala a simbi. Iye ankangosukusula kumaso n'kuvala zilizonse, ngakhale siketi yokwinyika, koma mawu aakulu aja ankapita kwa iye. Ndinkamuchitira nsanje, sindibisa. Nsanje yake yochita kutentha pakhosi.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, msuweni wathu, mwana wa azakhali a ku Maselema, anapeza banja. Anasankha atsikana asanu ndi mmodzi operekeza mkwatibwi, ine ndi mng'ono wanga tili momwemo. Masana aliwonse tinkakumana pabwalo la azakhali kuphunzira masitepe olowera muholo. Aliyense akudziwa kuti pa ukwati wa m'tauni maso onse amakhala pa mtsikana wotsogolera mzere, ndipo malo amenewo ndinawafuna ndi mtima wanga wonse. Masitepe ndinawagwira tsiku loyamba lomwe. Ena onse, kuphatikizapo mng'ono wangayo amene mwendo wamanzere unkamusokoneza, ndinawaphunzitsa ndine.

Ndiye tsiku losankha linafika. Azakhali anakhala pa mpando n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. "Wamkuluyu kuvina amatha," anatero akundiloza, ine ndili pomwepo, "koma kutsogolo kumafuna nkhope. Wamng'onoyu atsogole. Iwe ukhale kumbuyo uziwongola mzere."

Asa! Kuwongola mzere. Ndinaseka nawo anzanga.

Madiresi athu ankasoka ndi telala wina wa pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Anali atatiyeza tonse n'kulemba m'kabuku kake. Lachiwiri la sabata ya ukwati amayi anandituma kukasiya mazipi, poti wodalirika pa ntchito zotere ndinali ine. Nditapereka mazipi aja ndinaima kaye, kenako pakamwa panangotseguka pokha.

"Amayi akuti la mng'ono wanga mulichepetse m'chiuno ndi pachifuwa. Wadwala malungo, waonda."

"Pepani. Ndichotse angati?" anafunsa telala, pensulo ili kale m'manja.

"Mainchesi atatu."

Anafufuta n'kulemba zatsopano. Nzeru yanga inali yoti matelala a maukwati satsiriza msanga, zovala zimabwera m'mawa wa tsiku lomwelo, nthawi yokonzanso palibe. Diresi likakana kulowa, wodziwa masitepe ndani? Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo ya ukwati.

Loweruka m'mawa madiresi anafikadi mochedwa, galimoto ili kale panja. Langa linandikhala bwino kwambiri, lobiriwira, lofika m'maondo. La mng'ono wanga zipi inakwera pang'ono n'kuima pakati pa msana. Anakoka amayi, anakoka azakhali, anamuuza kuti apume mokoka mimba, koma ayi ndithu. Mwana uja anayamba kulira, zopaka m'maso zikuyenderera. Ine ndinkati, "Ayi usalire, pepa," uku ndikusuntha pang'onopang'ono kuyandikira kutsogolo kuti azakhali andione.

Anandionadi. Anandiyang'ana kuyambira kumapewa mpaka m'chiuno.

"Vula," anatero azakhali.

"Ine?"

"Iwe amene. Lakoli ndi lalikulu, tiveka mng'ono wako, timumanga ndi mapini kumbuyo. Laling'onoli sililowa aliyense. Iwe ukathandize kophika, paja ndiwe wamanja."

Ndinayang'ana amayi kuti mwina andilankhulira, koma anali atayamba kale kufunafuna mapini m'chikwama. Ndinavula diresi langa ndi manja anga n'kumuveka mng'ono wanga, ndipo mapini awiri omaliza ndinamuika ndine, poti enawo ankachita mokhota.

Ukwati wonse ndinaudyera kuseri kwa holo ku Zingwangwa, nditamanga chitenje, tsitsi lokonzedwa ku saluni likufuka utsi wa nkhuni. Anandipatsa beseni la kabichi. Nyimbo yathu itayamba, mapazi anga ankaponda okha masitepe pansi pa benchi. Kenako ndinamva woyendetsa mwambo akukuwa pa chimkuzamawu, "Taonani kutsogoloko, anthuni! Byutifulu!" Holo yonse nthungululu. Kabichi saliritsa munthu, ndiye ndinapempha mayi wina kuti tisinthane, andipatse anyezi.

Chithunzi cha tsiku limenelo chili pakhoma kwa amayi mpaka lero. Atsikana asanu, mng'ono wanga patsogolo atavala diresi langa, akumwetulira ngati linasokedwera iye. Mapini saoneka. Ine mulibemo.

Zaka zinapita. Ine ndinayamba ntchito mu ofesi ya fakitale ina ku Makata, kumene mpaka pano amandiyamikira kuti ndine simati. Mng'ono wanga anakwatiwa ku Machinjiri. Chaka chatha tinakumana kwa amayi, iye akuyamwitsa mwana wake wachiwiri pansi pa chithunzi chija. Amayi anali panja. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinaloza chithunzicho n'kunena moseka, "Koma telala uja analidi wosadziwa ntchito."

Mng'ono wanga sanaseke. Anamusinthira mwana bere lina, kenako anati, "Ayi achemwali, ntchito ankaidziwa. Lolemba lake amayi anandituma kukamubwezera diresi lija. Anandionetsa kabuku kake, pamene anafufuta. Anandifunsanso ngati malungo anatha."

Ndinamufunsa, "Ndiye amayi unawauza chiyani?"

"Ndinati ndinanenepa ndi mandasi a kwa azakhali." Anandiyang'ana bwinobwino, wopanda mkwiyo ngakhale pang'ono. "Munali mutalira kale mokwanira tsiku lija. Ndinakuonani pa zenera la kuseri."

Zaka zonsezi ankadziwa. Anabwera pa ukwati wanga, anandisambitsira mwana wanga woyamba, osatchulapo ngakhale kamodzi. Anaimirira, mwana ali paphewa, n'kundifunsa ngati ndimwe tiyi wamkaka kapena wopanda.

Ndinayenera kuchita manyazi, ndipo ndinachitadi. Koma ndikamanena zoona, chimene chinayamba kufika pakhosi ndi nsanje yomwe ija, yatsopano ngati ya dzulo. Chifukwa ndikanakhala ine, amayi ndikanawauza Lolemba lomwelo, ndisanavule n'komwe nsapato.