Chitini cha a Fanuel Mvula

Alamu anga a Fanuel Mvula anali mphunzitsi pa kasukulu ka mpingo kumudzi kwathu, chakumwera kwa Sinda, ndipo pa amuna onse amene anadzakwatira pamudzi pathu panalibe wolongolola ngati iwo. Ine ndine Esnart, mkulu wake wa Anna, mkazi wawo. Nyumba zathu zinali zoyang'anizana, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa ndi munthu.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa jekete limodzi lomwe ankalisita Loweruka ndi simbi yamakala. Mowa sankamwa, ndipo khasu ankaligwira bwino ndithu, osati ngati aphunzitsi ena amene amaopa matuza. Matenda awo anali mawu. Kumene anaphunzira zauphunzitsi anakumana ndi mbusa wina wodziwa Chigiriki, basi munthu anabwerako atatengera. Mawu alionse ankafuna adziwe kwawo, ngati mmene timafunsira mfunda wa mlendo.

Amene ankawakonda koposa anali akuti kinesisi, amene ati pa Chigiriki ndi kuyenda kapena kusuntha. Ankati mawuwa anabala ana ambiri kwa anthu a sayansi. Bango likagwa mumtengo, iwo ati mphamvu imene lafika nayo pansiyo ndi kinetiki. Ngolo ikamatsetsereka kupita kudambo, ati kuwerengera kayendedwe kake ndi kinematiki. Ngakhale kanema amene galimoto ya boma inkabwera kudzaonetsa, ati dzina lakelo n'la banja lomwelo. Ine ndinkawayankha kuti kinetiki wawoyo akanakhala wopalira chimanga bwenzi nditamutchera khutu. Iwo ankangoseka, mawa n'kuyambiranso. Ana a sukulu anafika powatcha a Kinetiki, ndipo eni ake atamva anakondwa ngati apatsidwa mbuzi.

M'chaka cha 1957, nthawi ya chitaganya, mwana wawo wachisamba, Nelly, anadwala. Anali wa zaka ngati zisanu ndi zitatu, mwana wosakhala pansi, woti ukamutuma amabwera malovu asanaume. Thupi linatentha masiku angapo, ndipo kutenthako kutatha mwendo wakumanzere unatsala wolefuka ngati chingwe. A Fanuel anamunyamula panjinga mpaka ku chipatala cha mishoni ku Katete. Anabwerako ndi ndodo ziwiri zam'khwapa ndi mawu a dokotala. Matendawo anali poliyo. Mwendo sudzabwerera mwakale, koma mwana aziimirira ndi kuyenda tsiku ndi tsiku, apo ayi bondo lidzapindika n'kuuma, ndipo adzakhala wokwawa moyo wake wonse.

Masiku oyamba Nelly anayesa. Koma tsiku lina atafika pafupi ndi chitsime ndodo inaterera pamatope, anagwa chafufumimba. Ana anzake anaseka, wina mpaka anatola mapesi n'kuyamba kumuyerekeza. Kuyambira tsiku limenelo ndodo anazikana kwamtuwagalu. Ankatandala pamkeka pakhonde, akafuna kupita kuseri n'kumadzikhwekhwereza ndi manja. Anna ananyengerera, anakalipa, analira, koma ayi ndithu. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinati amumane chakudya mpaka aimirire, koma a Fanuel anakana, ati mwana wavutika kale.

Pofika nthawi yokolola, bondo lija linayamba kukana kuwongoka bwinobwino. Anna akamamusambitsa ankaliwongola, mwana n'kukuwa. A Fanuel anasiya kulongolola. Mango, ngolo, mphepo, zonse zinkangoyenda popanda wozitchula dzina lachigiriki. Ine amene ndinkadandaula ndi phokoso lawo, chete ameneyo anandiwawa mumtima.

Ndiye galimoto ya kanema inabwera ku Sinda. Alamu anapita, koma mmalo mokhala pansi ndi anthu anakakakamira pafupi ndi makina, kufunsa mafunso woonetsa kanemayo, dzina lake a Bizwick. Munthuyo, kaya kunali kutopa nawo kaya chifundo, anawapatsa kachiduswa kothothoka ka filimu. Mmawa mwake alamu anandiitana n'kukalozetsa kudzuwa. Munali tizithunzi tambiri ta munthu mmodzimodzi, aliyense ataima chilili, koma mwendo utasuntha pang'ono kuchoka pa chithunzi china kufika pa chinzake.

"Mwaona, alamu? Palibe woyenda apa. Onsewa angoima. Koma akadutsa mofulumira pamaso, diso limawalumikiza lokha, munthu n'kuyenda."

Ndinawauza kuti ndaona, koma mwana wawo akadali pakhonde pomwe paja.

Sabata imeneyo anagula chitini chachikulu chozungulira kwa Mmwenye ku Sinda. Anachiboola timipata tatitali kuzungulira m'mbali monse. Kenako anamasula gudumu lakutsogolo la njinga yawo, n'kuligoneka pachitsa, chitini chija n'kuchimangirira pamwamba pake. Njinga yokhayo pakhomo, abale! Anna anadandaula kuti nanga mwana akadwalanso adzamunyamula pa chiyani. Ine ndinanena mosabisa kuti mphunzitsi wazungulira mutu, mwana akupuwala iye ali kalikiliki ndi zitini. Iwo akaweruka kusukulu ankakhala pansi pa mtengo wa m'bawa n'kumajambula pa pepala lalitali lomatamata.

Loweruka lina mmawa ananyamula chitsa, gudumu ndi chitini n'kudzaziika pakhonde pafupi ndi mkeka wa Nelly. Pepala lija analikulunga mkati mwa chitini, zithunzi zikuyang'ana pakati. Anandiuza kuti ndiyambe ndine kusuzumira pa timipata tija, n'kukankha gudumu. Mayo ine! Mkatimo munali kamtsikana ka diresi la madontho, tsitsi lomanga ndi ulusi, kakuyenda ndithu, mwendo uku mwendo uku, manja akugwedezeka. Ndinabwerera m'mbuyo, ndipo kunyoza konse kunandithera.

Nelly anasendera n'kuika diso. Anayang'ana nthawi yaitali, gudumu likaima bambo ake n'kukankhanso. A Fanuel anamuuza motsitsa mawu kuti mtsikanayo ndi iyeyo.

"Si ine ameneyo, atate. Ameneyo miyendo yake yonse ndi yabwino."

Nkhope ya alamu inagwa. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinawakwiyira, chifukwa ndinaona kuti amuonetsa mwana chinthu chimene sadzakhalanso nacho. Anayamba kuchotsa pepala lija. Apo m'pamene Nelly ananena, osawayang'ana, kuti ngati akufuna akhale iyeyo amujambule ndi ndodo zake.

A Fanuel anathamangira m'nyumba kukatenga pepala lina ndi pensulo. Chithunzi choyamba sichinavute, mtsikana ataima, ndodo m'khwapa. Chachiwiri ndiye chinawazunguza. Choyamba kutsogola n'chiyani, ndodo kapena mwendo wabwino? Nanga wolefukawo umakhala pati pamene thupi likupita kutsogolo? Munthu wodziwa mayina onse a kuyenda uja sankadziwa mmene mwana wake amayendera, chifukwa masiku amene ankayesa aja iwo ankakhala kusukulu. Sikuti ankanamizira ayi, ndinaliona thukuta pamphumi pawo. Anangojambula mongoganizira mpaka pepala kutha. Atazungulitsa, kamtsikana kaja kankangodumpha ngati chule, ndodo zikuuluka m'mwamba.

Nelly anaseka. Panali patapita miyezi tisanamve kuseka kwake. Anawauza kuti alakwitsa zonse. A Fanuel anatenga ndodo zija pamene zinatsamira, kuti ayese okha aone. Kutalika konse kuja, ndodo za mwana, anachita kupindika pakati, matako m'mwamba, n'kuyamba kudzandira pabwalo. Ankaponya ndodo imodzi, kenako mwendo, kenako kusokonezeka.

"Sizitero, atate. Bweretsani kuno."

Anamupatsa. Nelly anagwira mzati wa khonde, anadzikoka, n'kulowetsa ndodo m'khwapa. Ine maso anga anali pabondo. Linali lopindika pang'ono, koma zala za phazi zinafika pansi. Anna anatuluka m'khitchini dengu lili m'manja, ndipo nditaona kuti atsegula pakamwa ndinamutsina pamkono kuti akhale chete.

A Fanuel anakhala pansi pafumbi, pepala pabondo. Nelly anaponya ndodo zonse ziwiri kutsogolo, anatsamira, mwendo wabwino n'kutsatira, wolefukawo ukukhwekhwereza chala m'dothi. Ankawafotokozera ngati iye ndiye mphunzitsi, kuti ayang'anitsitse, ndodo ndizo zimayamba. Ana awiri a pamudzi anaima kumpanda n'kumaonerera, koma iye sanawalabadire, anali pantchito. Anadutsa pamtondo, anadutsa pakhola la nkhuku, akupuma mwawefuwefu, mpaka anakagwira nkhokwe kumapeto kwa bwalo.

Atatembenuka anafunsa ngati ajambula. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa alamu, ndipo pepala ndinkaliona. Linali loyera, lopanda ngakhale kamzere, koma litanyowa malo awiri. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, anakonza kukhosi, n'kugwira pensulo bwinobwino.

"Sindinaone bwino, mwanawe. Tabwera nazo kuno, ndionenso."

Nelly anadandaula kuti atate ake ndi ochedwa kumva. Anakonza ndodo m'khwapa, n'kuyamba kubwerera.