Anasandutsa amuna anga chilombo kuti buku langa ligulidwe

Ofesi ina ya ku Limbe yandichititsa manyazi amene sindinawaonepo chibadwire. Dzina lake ndilisunga lero. Eni ake akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti akuwerenga.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndimakhala ku Nancholi, kwathu ndi ku Nsanje. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulemba buku la nkhani yopeka. Yopeka. Mawu amenewo muwagwire bwino. Ndi nkhani ya mayi wina amene mwamuna wake amamumenya, komanso ali ndi banja lina lobisa kutsidya kwa malire. Bukulo linasindikizidwa mwezi wathawu. Makatoni atatu anafika, n'kukhala pakona kuchipinda milungu itatu. Amene anagula ndi aphunzitsi anzanga anayi basi, ndipo mmodzi mwa iwo anagula chifukwa cha chisoni.

Aliyense ankandiuza zofanana: owerenga masiku ano ali pafoni, kawapezeni pa masamba a mchezo. Tsamba ndinali nalo, koma ndinkangoikapo zithunzi za ana ndi mavesi. Ndiye nditaona chikwangwani cha ofesi yotsatsira anthu malonda pa intaneti, pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Limbe, ndinakwera masitepe.

Linali Lachiwiri, 3:20 masana. Mwini ofesi, bambo wa jekete la buluu ndi mafoni awiri patebulo, anandilandira ngati mlongo wawo wotayika. Anati, "Mayi, mwafika pamalo pake. Tipatseni pasiwedi ya tsamba lanu, inu muzikaphunzitsa ana. Pofika Lachisanu, Blantyre yense adzakhala akukamba za inu."

Pamenepo pokha sananame.

Ndinawapatsa buku limodzi, n'kuwafunsa ngati aliwerenge kaye. Anati aliwerenga tsiku lomwelo. Ndinawalipira, ndinawalembera pasiwedi pakapepala ndi dzanja langali. Ine, amene ndimauza ana a Sitandade 7 tsiku lililonse kuti asamasayine chinthu asanachiwerenge.

Lachisanu, 9:40, nthawi yopuma kusukulu, ndinatsegula foni. Patsamba langa panali chithunzi cha ine ndi amuna anga, bambo a Chisomo, chimene tinajambulitsa pokumbukira zaka makumi awiri za ukwati wathu. Iwo atavala suti, atandigwira paphewa. Pamwamba pake mawu akuluakulu: "MPHUNZITSI WA KU NANCHOLI WAULULA ZONSE M'BUKU." Malaiki anali atapitirira mazana asanu ndi atatu.

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni, ndipo sindibisa. Sindinadine kuti ndiwerenge mawu onse. Belu linali litalira. Ndinangoona manambalawo, mtima n'kudumpha ngati wa mwana. Ndinatumiza ndekha uthengawo ku gulu la pafoni la amayi a kutchalitchi kwathu. Ndinawonjezeranso mawu anga: "Taonani zimene Mulungu wachita!"

12:15 apongozi anga, amayi a bambo a Chisomo, anaimba kuchokera ku Chigumula. Sanandipatse n'komwe moni.

"Amake Chisomo, mwana wanga wakulakwirani chiyani chimene simukanatiuza ife akulu? Ndipo zidzukulu zanga za ku Mozambikizo zinabadwa liti, poti ine sindikuzidziwa?"

Ndinatuluka m'kalasi, ndinakaima kuseri kwa ofesi ya ahedi, n'kuwerenga uthenga wonse. A ku Limbe aja anatenga mawu a mayi wa m'buku uja, a patsamba 47: "Zaka zonsezi ndakhala ndikubisa zipsera pansi pa bulauzi. Mwamuna wanga ali ndi mkazi wina ndi ana atatu kutsidya, ku Mozambiki." Pansi pake anawonjezera bodza lawo: "Iyi ndi nkhani yeniyeni ya moyo wanga. Gulani buku mumve zonse." Ndipo chonsecho pansi pa nkhope ya bambo a Chisomo.

Ndinayesa kufufuta. Foni inandiuza kuti ndilowenso, pasiwedi inakana. Anali ataisintha. Ndinaimba kuofesi kuja kasanu ndi kawiri. Mafoni awiri aja, palibe ndi imodzi yomwe imene inayankhidwa.

Bambo a Chisomo amagulitsa zipangizo za galimoto m'sitolo ina m'tauni. Anafika kunyumba 5:30, anakhala pakhonde osavula nsapato. Kenako anati, "Kasitomala wina anandionetsa nkhope yanga pafoni pake, n'kundifunsa ngati ndilibe manyazi. Ndinamupatsa katundu wake, ndinamuthokoza. Abwana ati ndizikhala kumbuyo kosungira katundu mpaka nkhaniyi izizire."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndinawafotokozera zonse nditagwada, iwo akungoyang'ana pansi. Anangofunsa funso limodzi: "Nanga ku gulu la amayi lija, anatumizanso ndi a ku Limbewo?" Ndinati ayi, ndinatumiza ndine.

Loweruka 8:00 ndinali pakhomo la ofesi. Anatsegula 10:50. Bambo a jekete aja atandiona anamwetulira, n'kunditembenuzira kompyuta.

"Mayi, mwaona manambala? Olemba anzanu amalira kuti apeze anthu ochuluka chonchi."

Ndinawafunsa ngati bukulo analiwerenga. Anati analitsegula pakati, n'kupeza pokoma. Ndinawafunsa amene anawaloleza kutenga chithunzi cha amuna anga. Anati chinali kale patsamba langa, ndipo tsambalo ndinawapatsa ndekha. Ndinawafunsa chifukwa chimene analembera kuti nkhaniyo ndi yeniyeni. Yankho lawo sindidzaliiwala. Anati anthu sagula nkhani zopeka, amagula mavuto a anzawo, ndipo ngati amuna anga ndi ozindikira amvetsa kuti iyi ndi bizinesi.

Bizinesi? Ukwati wanga ndi katundu wanu? Mukanakhala inu, nkhope yanu ili pafoni iliyonse m'minibasi ya ku Chirimba, anthu akukutchulani chilombo, mukanamvetsa?

Ndinati afufute pomwepo ine ndikuona. Anati pasiwedi yatsopano ili ndi mnzawo amene wapita ku maliro ku Mulanje, abwera Lolemba. Ofesi yonse, munthu mmodzi yekha wodziwa pasiwedi? Ku Mulanje kulibe netiweki? Ndinakhala pampando wawo mpaka 1:00. Anatseka, ine n'kutsika masitepe ndikulira pamaso pa ogula nsalu.

Lamlungu tinapita kutchalitchi, chifukwa bambo a Chisomo anati kujomba kukhala ngati kuvomera. Linali tsiku lawo lowerenga Mawu. Anawauza pakhomo kuti awerenga ena. Titaweruka, akulu a mpingo anatiitanira m'kachipinda. Ndinatenga buku, ndinawaonetsa tsamba 47, ndinati mayiyu kulibe, ndinamupeka ndine. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja, n'kunena motsitsa, "Tikumvetsa, mwana wanga. Ambiri amakana akakhala pamaso pa bambo." Ndikamakana kwambiri, m'pamene ankakhulupirira kwambiri.

Lolemba 2:10 masana anafufuta, n'kundibwezera tsamba langa. Popanda pepani. Anangolemba kuti ndikafuna ntchito ina, ndiwauze.

Nditalowa ndinapeza mauthenga ambirimbiri. Ena otukwana amuna anga. Ena ofunsa mtengo wa buku. Koma umodzi wandisowetsa mtendere mpaka lero. Mayi wina analemba kuti iye zipsera zake n'zenizeni, amazibisa chimodzimodzi, ndipo ataona kuti mphunzitsi wathunthu walimba mtima kulankhula, nayenso wauza achemwali ake kwa nthawi yoyamba. Anamaliza ndi mawu akuti, "Zikomo, ndimayesa ndili ndekha."

Ndinakhala masiku awiri osamuyankha. Ndimuuze bwanji kuti amene anamulimbitsa mtima ndi bambo wa jekete amene sanawerenge n'komwe buku? Dzulo ndinamulembera zoona zonse. Ndinamuuza kuti ine sindinamenyedwepo, koma ndinalemba bukuli chifukwa ndinakula ndikuona amayi ngati iye, ndipo asabwerere m'mbuyo chifukwa cha bodza la anthu ena. Wawerenga. Sanayankhebe.

Owerenga oterewa ndi amene ndinkawafuna kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndawapeza kudzera m'bodza.

Tsono mverani, inu nonse amene munasheya. Bambo a Chisomo sanandikwezerepo dzanja. Alibe mkazi wina, alibe ana kutsidya. Ndi iwo amene ankagoneka ana ine ndikulemba, ndi iwo amene ananyamula makatoni aja pamutu kuchokera pa siteji. Munathamanga ndi bodza. Thamangani ndi ichinso.

Olemba anzanga, owerenga ali pafonidi, sanakunamizeni. Koma lankhulani nawo ndi pakamwa panu. Ngakhale mukhale ndi anthu khumi okha okutsatirani, alembereni nokha, ayankheni nokha, auzeni kuti ichi n'chopeka, ichi n'choona. Pasiwedi yanu musapatse munthu. Ndipo musatumize chinthu chimene simunawerenge mpaka kumapeto, ngakhale chikhale ndi nkhope yanu.

Inu a ku Limbe, ndalama zanga sindikuzifuna. Ndikufuna mulembe patsamba lanu, ndi zilembo zazikulu ngati zija, kuti munanama. Kenako mukwere minibasi, mupite kusitolo kumene amuna anga amagwira ntchito, mukawauze abwana awo pamaso. Ndikukupatsani mpaka Lachisanu, 12 koloko masana. Ikakwana musanachite, dzina la ofesi yanu ndilemba pano.

Mukafika kusitoloko musawayang'ane pakauntala. Akadali kumbuyo, kosungira katundu.