Lachisanu Limene Sanandiseke

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene azakhali anga, a Feliza, anadzanditenga kumudzi kwa Kanduku kuti ndikakhale nawo pa boda. Bambo anali atangomwalira, mayi atatsala ndi tiana ting'onoting'ono, ndiye azakhali anati mwana wa achimwene awo sangakalambire pa khasu sukulu ilipo. Mudzi wonse unawayamika. Inenso ndinawayamika, ndinagwada mpaka pansi, sindinkadziwa kanthu.

Anali ndi lesitilanti ya malata pafupi ndi pamene mathiraki amaima podikira mapepala. Mpaka lero ndikamva fungo la dizilo litasakanikirana ndi la anyezi wokazinga, ndimakhala ngati ndabwerera pakhomo pa lesitilantiyo. Malesitilanti analipo ambiri mumzere umenewo, nkhuku yake yomweyo, mpunga wake womwewo, koma yodzaza inali ya azakhali, ndipo chimene chinkaidzazitsa chinali foni.

Anatsegula gulupu pa foni n'kuikamo madalaivala, maejenti okonza mapepala a katundu, osintha ndalama, aliyense amene anadyapo kamodzi. Sankalemba, ankalankhula. Ndipo sankangolankhula chisawawa ayi, anali ndi dongosolo lake. Lolemba ankanena zimene ziphikidwe sabata imeneyo. Lachitatu zinali za msewu: mzere wafika pati pa boda, ndi pati pamene mvula yakumba. Lachisanu ndiye linali la nthabwala, limene anthu ankalitchula kuti wailesi ya Feliza. Ankakonda kunena kuti bizinesi ili m'khutu, munthu akakumva ali ku Tete, njala imamupeza dzina lako lili kale pakamwa. Pamenepo sankanama, nzeru anali nazo mayi amene uja, sindingawalande.

Ntchito yanga inali yowagwirira foni pafupi ndi pakamwa, chifukwa manja awo ankakhala a mafuta. Ndinkadina, iwo n'kumalankhula, akagwedeza mutu ine n'kutumiza.

Koma nthabwala zimatha. Anaseka mbuzi ya aneba, anaseka kasitomala amene anagona pa mbale, anaseka chilichonse chimene chinkadutsa pakhomo, mpaka Lachisanu lina anadzuka alibe chonena. Anazungulira kuseri n'kundipeza ndikuyanika kamatiresi kanga.

Chimwalirire bambo ndinali nditayamba kukodza pogona. Sindinkafuna, ndinkasiya kumwa madzi dzuwa likadalipo, ndinkapemphera, koma kukacha ndinkapeza zachitika. Ndinkadzuka anthu asanadzuke kuti ndichape mobisa. Tsiku limenelo ndinachedwa.

Azakhali anayang'ana kamatiresiko, anayang'ana ine, kenako nkhope yawo inawala ngati munthu amene watola chinthu panjira.

"Tenga foni," anatero.

Ndinaigwira ndi dzanja langa lomwe, lonunkha sopo, iwo n'kuyamba: "Akuluakulu a msewu, chenjezo! Mtsinje wa Mkulumadzi wasefukira, koma osati kumene mukudziwa kuja ayi, wasefukira m'nyumba mwanga muno. Lusiya wathu watsegulanso mageti. Odutsa kuno mubwere ndi bwato!"

Ndinatumiza ndine. Ndinalibe pothawira.

Tsiku limenelo mipando inachepa. Anthu ankalowa akuseka kale, akufunsa kuti ali kuti Mkulumadzi, abweretse madzi osamba m'manja ndi iyeyo. Azakhali ataona kuti zagwira, anandiika m'dongosolo. Lachisanu lililonse pamapeto pa nthabwala pankakhala za nyengo, kunena ngati mtsinje wasefukira sabata imeneyo kapena ayi. Mawuwo sanathere mu gulupu. Dalaivala ankatumizira mkazi wake, mkazi ankamvetsera ana ali pomwepo, anawo ndi amene ndinkakhala nawo m'kalasi. Dzina langa linafa. Ngakhale ana a sitandade wanu ankandikuwiza kuti Mkulumadzi.

Ndinawapemphapo kamodzi, nditagwada, iwo akusenda mbatata.

"Azakhali, chonde, za ine musamanene."

"Iwe, mpunga ukudyawu ukuganiza ukuchokera kuti? Ukubwera ndi kuseka kwa anthu. Pakhomo pano aliyense ali ndi ntchito yake, yako ndi imeneyo."

Sanakweze n'komwe maso. Kuyambira pamenepo ndinasiya kulira pamaso pawo, ndinayamba kungoyang'ana. Mwana wosalankhula amaona zambiri.

Nyengo ya manachesi itayandikira, azakhali anakonza ulendo wopita kwa abale awo kuseri kwa Tete, kumudzi kopanda netiweki, kukakhala sabata yathunthu. Kuphika anasiyira a Nachisale, mayi wachikulire amene ankawathandiza kukhitchini. Koma gulupu sinkayenera kukhala chete, ankati gulupu ikagona tsiku limodzi kasitomala amadzuka kwa mnzako. Ndiye Lamulungu masana anandikhazika pansi n'kujambuliratu mawu a sabata yonse, a Lolemba, a Lachitatu, a Lachisanu, kuwasunga mu foni. A Nachisale sankatha kuwerenga, choncho foni inatsala m'manja mwanga.

"Chilichonse pa tsiku lake, m'mawa usanapite kusukulu. Kaya kugwe matalala, kaya udwale, Lachisanu lisadutse. Ukalakwitsa undiona."

Nthabwala ya Lachisanu limenelo inali ya a Zuze. Anali dalaivala wa thanki ya mafuta, wamimba yaikulu, wamawu ngati ng'oma, amene ankadya mbale ziwiri kenako n'kugona pabenchi kukamwa kuli yasa. Iwo ndi azakhali ankanyozana mocheza nthawi zonse, ndipo anthu ankazikonda. M'mawu amene anajambuliratuwo azakhali anati: "A Zuze, tulo timeneto! Mimba ili pa chiwongolero, maso ali kumwamba. Tsiku lina tidzakutolani m'phompho mukadali mkonono, ndipo ine pamaliro panu ndidzangolira mbale ziwiri zija!" Kenako kuseka kwawo kuja, kotalika, mpaka kutsokomola. Pamapeto, monga mwa masiku onse, za nyengo ya Mkulumadzi.

Lolemba ndinatumiza. Lachitatu m'mawa ndinatumiza za msewu. Lachitatu lomwelo madzulo foni inayamba kulira mosalekeza, ndipo nditatsegula ndinapeza zithunzi. Thanki ya a Zuze inali itaduka mabuleki pamtsetse kutsidya kwa boda n'kugwera kumunsi. Iwo anafera pomwepo.

Gulupu yonse inasanduka siwa. Amuna akuluakulu ankatumiza mawu akulira. Ankauzana za bokosi, za mapepala odutsitsira thupi, za mkazi wawo ndi ana ku Blantyre. Anagwirizana kuti thupi lidzadutsa pa boda Lachisanu m'mawa, ndipo mathiraki onse adzaima.

A Nachisale sankadziwa zimene zinali m'mawu osungidwawo, koma ankadziwa mwambo. Lachinayi anandiitana ali ndi chipande m'manja.

"Mwanawe, foniyo igone. Pamaliro sagulitsa malonda. Mpaka mwini wake abwere, wamva?"

Ndinati ndamva. Ndipo kunena zoona, nthawi imeneyo ndinali nditavomera ndi mtima wonse.

Koma Lachinayi lomwelo kusukulu, nditabwera kuchokera panja pa buleki, ndinakhala pa desiki yanga osayang'ana. Anali atathirapo madzi. Yunifolomu yonse kumbuyo inanyowa, ndipo nditaimirira kalasi yonse inaphulika, ena akumenya madesiki, ena akukuwa kuti bwato, bwato. Aphunzitsi atalowa n'kufunsa chimene chachitika, mnyamata wina anati mtsinje wasefukira masana, ndipo ndinaona ndi maso angawa aphunzitsiwo akubisa kukamwa ndi buku. Ndinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba chikwama nditachitsitsira kumbuyo, anthu a m'mashopu akundiyang'ana.

Lachisanu kunacha kozizira, nkhungu ili pamapiri. Ndinamva mahutala a mathiraki akulira onse pamodzi, kulira kotalika, ndinadziwa kuti thupi lafika. Ndinaima kuseri kwa lesitilanti pafupi ndi matumba a makala, foni ili m'manja. Ndinkadziwa liwu lililonse limene linali mmenemo, si ndine ndinaigwira pojambula? Ndinkadziwanso kuti pamapeto pake pali ine, kuti ndikatumiza ndiye kuti ndadzitukwanitsanso ndekha. Ndinaganiza za azakhali akusenda mbatata osandiyang'ana. Ndinati, munanena nokha kuti Lachisanu lisadutse.

Ndinadina.

Kwa kanthawi kunalibe chilichonse. Kenako ndinasuzumira kumsewu n'kuona amuna ataima m'mbali mwa mathiraki, zipewa zili m'manja, wina akutulutsa foni, kuiika pakhutu, kugwira mnzake paphewa. Kwinakwake wina anaitsegula mokweza, ndipo kuseka kwa azakhali kunamveka pamsewu pamene galimoto ya maliro inkadutsa pang'onopang'ono.

Palibe anaseka. Ngakhale pofika pa za Mkulumadzi, palibe ndi mmodzi yemwe. Linali Lachisanu langa loyamba lotero chiyambire nthabwala ya mtsinje ija.

Foni inayamba kutentha m'manja. Wina analemba kuti mayi ameneyu ndi mfiti, anadziwa bwanji za phompho. Wina anati ngakhale galu amakhala chete pamaliro. Ena anayesa kunena kuti mwina anajambula kale, koma amene akulira samva zimenezo. Ndinkangoona mayina akutuluka mu gulupu, uyu watuluka, uyu watuluka, ngati mbalame zikamachoka mumtengo. Masana a tsiku limenelo nkhuku zonse zinatsala mumphika. A Nachisale anandiyang'ana nthawi yaitali, anangoti, "Mwana iwe," n'kupitiriza kutsuka mbale zimene zinali zoyera kale.

Azakhali anabwera Lamulungu, atanyamula matumba a nsomba zouma ndi zigubu za mafuta ophikira, akumwetulira. Nkhani inawapeza asanafike pakhomo. Analowa, anatseka chitseko.

"Unatumiziranji?"

"Munati kaya kugwe matalala."

"Sunamve kuti munthu wafa?"

"Ndinamva. Koma pakhomo pano aliyense ali ndi ntchito yake, azakhali."

Anandimenya ndi waya wa ketulo mpaka a Nachisale anachita kuthyola loko. Zipsera zilipo pantchafu. Sindinalire, ndipo ndikuganiza kuti chimene chinawapweteka kwambiri n'chimenecho. Anajambula mawu opepesa, akulira, akulumbira, koma ankawatumiza mu gulupu imene munatsala anthu ochepa, ndipo mawu akale aja anali atafika kale ku Beira ndi ku Harare. Kutacha anandikweza pikapu yobwerera kumudzi ndi jumbo ya zovala. Sukulu yanga inathera pomwepo, sitandade sikisi. Manachesi a chaka chimenecho asanathe pamsika, lesitilanti inali itatsekedwa, pakhomo pake wina akugulitsapo matayala akale.

Anthu amafuna kuti ndinene kuti ndinamva chisoni. Kwa azakhali ayi, ndikanama. Nditamva kuti atseka ndinadya bwino tsiku limenelo. Munthu mmodzi yekha ndi amene amandisowetsa mtendere, mkazi wa a Zuze, amene sindinamuonepo, chifukwa ndinamva kuti wina wopanda nzeru anamutumizira mawuwo ali pasiwa. Mwala ndinaponyera azakhali, koma unadutsira pamutu pa mayi amene sanandilakwire. Ameneyo ndikanakumana naye ndikanagwada.

Pano ndili ndi mwana wanga wamkazi, wangoyamba kumene kuyenda, ndipo ndimagulitsa zitenje za ku Zobue pa foni. Dongosolo ndinatengera kwa azakhali omwewo, ndilibe manyazi kunena: ndimadziwa tsiku loika zithunzi za katundu watsopano, tsiku lolankhula, tsiku loonetsa makasitomala amene avomera okha kuti ndiwaonetse. Koma palibe chimene chimachoka mu foni yanga ndisanamvetsere kaye kuti kunja kwacha bwanji, kaya kuli maliro, kaya kwagwa ngozi. Zokonzeratu zilibe makutu, zimafuna munthu wamaso pa tsiku lakelo. Ndipo foni yanga sagwira munthu wina, chifukwa ndikudziwa bwino zimene dzanja lolakwiridwa limatha kuchita.

Mantha anga ali pa mwanayu. Chaka chatha wakabaza wina ku Thambani, munthu amene sindimudziwa n'komwe, anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati si ine Mkulumadzi wa pa boda uja. Ndinali nditabereka mwana kumbuyo. Ndinatsika panjinga ulendo usanathe, ndikuganiza kuti tsiku lina mwanayu adzamva, adzamva ndithu, mnzake wa kusukulu adzamutsegulira mawu aja. Zimene walankhula pa foni sizikalamba, iwe ukukula izo zili pomwepo, zikudikira mwana wako. N'chifukwa chake anzanga akamandiuza kuti ndizimuveka mwanayu kachitenje n'kuika chithunzi chake pa sitetasi ya foni, eti ndi wokongola, malonda ayenda, ndimangomukokera pafupi. Nkhope yake, dzina lake, kulira kwake, zimene amachita pogona, si katundu wa pa shelefu. Bizinesi ikafika poti yatha zonena, ndi bwino ikhale chete kusiyana n'kuti idye mwana wa pakhomo.

Azakhali akadali moyo, akudwaladwala miyendo, amakhala kwa mwana wawo ku boma. Mwezi wathawu anatuma msuweni wanga kudzandiuza kuti zakale zinapita, magazi ndi amodzi, ndiwatumizireko kachithunzi ka mdzukulu wa achimwene awo amuone asanafe. Ndinamuyankha kuti akawauze kuti mwanayo alipo, ali bwino, akukula. Akafuna kumuona abwere ndi maso awo, foni aisiye kunyumba.