Tsiku Lomwe Tinakweza Mphuno ya Galimoto ya a Muhiwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikugulitsa nanazi pa Nkando. Nditamaliza Fomu 4 ndinkathandiza mayi pamsika, ndipo kuseri kwa benchi yathu kunali galaja ya a Namakhwa, makaniko wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku lina anandipeza ndikulumikiza tcheni cha njinga ya mayi pogwiritsa ntchito msomali ndi mwala. Anaima n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Mtsikana iwe, girizi sumuopa?" anandifunsa.

"Ayi, bambo."

"Ubwere Lolemba. Ovolosi ndikubwereka."

Miyezi yoyamba ndinkangotsuka zitsulo m'palafini, kupatsira masipanala ndi kupopa jeke. Anthu odutsa ankaima kudzaonerera mkazi atagona pansi pa minibasi, koma posakhalitsa anazolowera.

Tsiku limene sindiliiwala linali Lachisanu lina m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Kunabwera a Muhiwa, dalaivala wopuma ntchito ku esiteti ya tiyi, ndi galimoto yawo yakalekale yobiriwira, ya mabampala onyezimira ngati kalilole. Ankaisamala ngati mwana, koma ukalamba unali utaigwaditsa kutsogolo. Masipuling'i anali atafooka, moti ikangokumana ndi kamwala, sampu, chibekete cha oyilo cha pansi pa injini, inkakhula pansi.

"Mawa mwana wanga Lusiya akukwatiwa kumudzi, kupitirira Limbuli," anatero a Muhiwa. "Ndinamulonjeza ali wamng'ono kuti adzapita kutchalitchi pa galimoto imeneyi. Koma msewu wake ndi migula yokhayokha. Ndithandizeni, achimwene."

Vuto linali lakuti a Namakhwa anali atamanga bandeji dzanja lamanja, atapsa ndi madzi a m'rediyeta. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lero manja ndi ako, Esinati. Ine ndibwereketsa pakamwa."

Ndinayamba ntchito. Ndinaika miyala kumatayala akumbuyo, ndinakweza galimoto ndi jeke, n'kuikhazika pa zitsulo zochirikizira. Nditachotsa matayala akutsogolo, bawuti imodzi ya shoko, chitsulo choletsa galimoto kudumphadumpha, inakana kumasuka chifukwa cha dzimbiri. Ndinaithira oyilo, ndinaigogoda ndi hamala, osatheka. Magetsi anali atazima, choncho makina odulira anali chabe chitsulo chozizira. Pomaliza ndinalowetsa paipi yaitali ku sipanala n'kuikanikiza ndi thupi lonse. Bawuti inalira kuti kwee n'kumasuka, ine ndinakagwa chagada m'matope. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kenako inafika ntchito yoopsa, yopanikiza sipuling'i ndi zomangira ziwiri kuti ituluke m'malo mwake. Sipuling'i yopanikizidwa ikapulumuka imatha kuthyola nsagwada.

"Umange mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono," anatero a Namakhwa. "Nkhope yako isayang'anane nayo."

Thukuta linkatsika ngakhale kunkazizira. Ndinatulutsa masipuling'i onse, pamwamba pake ndinaika mbale zachitsulo zokhuthala zokwezera, ndinabwezeretsa zonse pamodzi ndi mashoko atsopano. Nditatenga sipanala kuti ndilimbitse mabawuti a mabushi, timphira ta m'mfundo za zitsulo zogwira matayala, abwana anandigwira phewa.

"Ayi, asiye olefuka. Galimotoyi itsitse kaye."

Titaitsitsa, galimoto inaima mphuno ili m'mwamba ngati mbuzi yofuna masamba a mtengo, matayala atapendekera mkati. A Muhiwa anavula chipewa, nkhope itagwa.

"Kodi mwana wanga akwera chimenechi? Akuchimuna akatiseka!"

Ine misozi inali pafupi, poganiza kuti ndaononga galimoto ya eni. Koma a Namakhwa anangokodola amayi a tomato aja. "Bwerani, alongo, mwaseka mokwanira. Tsopano mugwire ntchito." Amayi aja anatsamira bampala n'kumaikankhira pansi ndi kuisiya, uku akuimba nyimbo yaukwati. Tinaikankha kupita kutsogolo, n'kubwerera nayo m'mbuyo. Pang'onopang'ono mphuno inatsika, matayala anawongoka, galimoto inakhala bwinobwino, yokwera ndithu koma yosadzikuza. Apo m'pamene ndinakwawira pansi n'kulimbitsa mabawuti aja, kenako tinakoka chingwe m'mbali mwa matayala kuti tione ngati akuloza kumodzi.

A Muhiwa anakaiyesa kumsewu wafumbi wa kuseri kwa msika. Anabwerako akuliza hutala, dzanja lili pawindo. "Sinakhule ngakhale kamodzi! Esinati mwana wanga, mawa tipitira limodzi, ukwera kutsogolo."

Ndinapitadi kuukwatiko, nditavala chitenje m'malo mwa ovolosi, zikhadabo zikadali zakuda. Lusiya anafika patchalitchi velo lake lili mbee, ndipo bambo ake ankandionetsa kwa aliyense kuti, "Makaniko wake ndi ameneyu."

Lero ndili ndi galaja yangayanga, ndipo aliyense amene ndikumuphunzitsa ndimamuuza zomwe a Namakhwa anandiuza madzulo a Lachisanu lija tikusamba m'manja: bushi ikamangidwa galimoto ili m'malere, imapotoka ndipo sichedwa kung'ambika. Galimoto iyambe yaponda pansi ndi kulemera kwake konse, ndiye ulimbitse.