A Jorge ndi Botolo la Tulo

"Iwe Eneless, atate ako amamwa?"

Anandifunsa a Jorge, atandikokera kuseri kwa chipatala cha mishoni. Pakhonde panali patadzaza anthu a mpingo wathu, ndipo amai anali atayankha kale mokweza kuti, "Amuna anga ndi mkulu wa mpingo, ngakhale fungo la mowa salidziwa!" Nthawiyo atate anali gone mkati, ntchafu itang'ambidwa ndi ng'ona pamene amakoka ukonde ku Mphuka. Dokotala anati akapanda kusoka tsiku lomwelo, mwendo upita.

Inu a ku Lusaka mwina simuwadziwa a Jorge, ndiye chifukwa chake ndalemba. Kwawo ndi ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Ndi aafupi, adazi, ndipo amayenda ngati akuthamangira bwato. Anayamba ndi kuchapa mabandeji, lero ndiwo amagoneka anthu dokotala akafuna kugwira mpeni. Zida zawo ndi kasefa ka waya kokutidwa ndi nsalu, ndi botolo la mankhwala otchedwa etha. Botololo amalisunga mumtsuko wa madzi, atalikulunga ndi saka yonyowa, chifukwa kutentha kwa kwathu kuno ku Feira mu Okotobala kumauluza etha munthu ukuona. Wosuta kaliwo akayandikira amamuthamangitsa ndi tsache, kaya ndi nduna ya mfumu, pakuti etha ndi moto sizionana.

Mwana wamkazi anganene za mowa wa atate ake?

"Mwanawe, sindine m'busa ine," anatero a Jorge. "Mankhwala angawa amalowa ndi mpweya, napita m'magazi, nakafika kumutu. Asanagone munthu amayamba waledzera kaye, kumenya, kuimba. Wosamwa amadutsa pamenepo msanga. Koma mutu wozolowera kachasu umakana, umafuna madontho ambiri ndi amuna amphamvu omugwira. Ndikachepetsa, adzatukula mwendo singano ili mkati. Ndikathira mopyola, mpweya uima. Tsono ndiuze, ndikonzekere munthu uti?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi. Ndinawauza za chipanda chimene atate amabisa m'bango, chimene amati ndi mankhwala a chifuwa cha asodzi.

"Chifuwacho chimawagwira kangati?"

"Tsiku lililonse, akamachoka pamadzi."

"Eee, chifuwa chokhulupirika!" Anaseka, nanyamula botolo lachiwiri mumtsuko, naitana a Pedro ophika ndi a Lovewell osema matabwa kuti asambe m'manja.

Zotsatira tinazimvera pawindo. Poyamba kunali mau a a Jorge okha, ofatsa ngati akunyengerera mbuzi: "Pumani, achimwene, pumani." Kenaka tebulo linagunda. Atate anakuwa kuti wina wawabera nkhafi, nayamba nyimbo. Sinali ya m'buku la mpingo ayi, inali ija ya pamowa wa ku Zumbo, ndipo anaiimba bwino, mavesi onse. Pakhonde azimai anayamba kukonza mipango yawo. Mkulu wina anatsokomola nati, "Mankhwala a azungu ndi oipa, amaika nyimbo m'kamwa mwa munthu." Onse anavomera msangamsanga.

Nyimbo inazilala, kunangotsala mkonono. A Pedro anandiuza pambuyo pake kuti nthawi yonseyo a Jorge sanayang'ane bala ngakhale kamodzi. Maso awo anali pa chifuwa cha atate, chala chikutukula chikope, dzanja lina likudontheza, kuleka, kudonthezanso. Dokotala atamaliza anangoti, "Zikomo, Jorge, sanagwedezeke."

Atate anadzuka dzuwa litapendeka, nasanza, napempha madzi. Mwendo ulipo mpaka lero. Amatsimphina pang'ono, koma m'bwato amakwera okha. Chimene sichiwatha ndi funso: "Anauza Jorge ndani kuti aitane amuna awiri?" A Jorge akafunsidwa amangoti, "Dazi langa limanunkhiza."

Chitsirizire Sitandade Sikisi ndakhala ndikulondalonda malole a nsomba, kufuna wondinyamula kupita ku Lusaka, ntchito iliyonse. Tsopano malolewo azipita okha. Mawa ndiwauza atate kuti ndinanena ndine, akalipe athe. Ndikachoka apo ndipita kwa a Jorge kukapempha kuti andiphunzitse botolo lija. Akati atsikana sagwira, ndidzayamba ndi kunyowetsa saka, ndipo sindidzachoka pamtsukopo mpaka atatopa nane.